Yankho kwa azakhali pa za chipukuta misozi cha msuweni ku Leeds

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaumva uthenga wanu uja, woti msuweni anamumenya anyamata usiku akuweruka kuntchito ku Leeds, nsagwada n'kuthyoka, ndiye mukufunsa ngati angapezeko chipukuta misozi poti omenyawo sanagwidwe. Pepani kwambiri. Ndilankhula motalikirako, mukamaliza kumvetsera mumutumizire.

Chilipo ndithu. Ku England, Scotland ndi Wales kuli bungwe la boma lotchedwa Criminal Injuries Compensation Authority, anthu amangoti CICA, ofesi yake ili ku Glasgow. Ndalamazo ndi za boma, sizichokera m'thumba mwa womenyayo, ndiye kaya agwidwa kaya ayi, munthu amapemphabe. Si za nzika zokhanso. Munthu amene amakhala m'dzikomo mokhazikika pa tsiku lomwe anamenyedwa, ngati iyeyu amene ali pa visa ya ntchito, amaloledwa.

Koma pamene anthu ambiri amagwera ndi pa nkhani ya polisi. Ngati sanakanene, apite lero lomwe, chifukwa akachedwa amafunsidwa kuti anali kuti masiku onsewa, ndipo pempho limatha kukanidwa pa chifukwa chokhacho. Ndikudziwa, anthu athu kunja amaopa polisi, amati mwina zikhudza mapepala. Amene visa yake ili bwino asaope. Akakanena amupatsa nambala ya mlandu, aisunge bwino, pofunsira chipepesocho amaifuna. Apolisi akamuitana kuti akapereke sitetimenti kapena akazindikire anthuwo, apite. Akangonena kuti "basi ndakhululuka, zisiyeni", nawonso a CICA amatseka failo.

Nthawi yake ndi zaka 2 kuchokera tsiku lomenyedwalo. Asadikire kuti mlandu uthe kukhoti. Fomu amadzaza pa intaneti, pa gov.uk, ulere. Kuli maloya amene amaimba mafoni kuti tikuthandizani, kenako amadula gawo lalikulu la ndalamazo, pomwe fomuyo angathe yekha, kapena afunse malangizo ku Victim Support, bungwe lothandiza anthu ochitiridwa zaupandu, salipiritsa.

Tsopano ndalama zake. Pa malamulo a 2012 ali ndi mndandanda, chivulazo chilichonse chili ndi mtengo wake, kuyambira £1,000 mpaka £250,000, ndipo zonse pamodzi sizipitirira £500,000. Musathamangire nambala zikuluzikuluzo azakhali, zimenezo ndi za munthu wopuwala moyo wonse. Mikwingwirima ndi kutupa kwa diso salipira n'komwe. Nsagwada ili pa mndandandawo, ndipo amayang'ana ngati anachita opaleshoni komanso ngati yasiya vuto losatha. Akavulala malo angapo saphatikiza zonse ayi, chachikulu amalipira chonse, chachiwiri 30 peresenti, chachitatu 15. Ndiye ngati mano anagulukanso kapena pali chipsera kumaso, alembe zonse, asasiye. Kusagona tulo ndi mantha amawerengera pokhapokha atamuona dokotala wa matenda a maganizo, kalata ya GP, dokotala wa nthawi zonse wa m'dera, yokha siikwana. Makalata onse a kuchipatala asunge, ajambulenso mabalawo pa foni. Mwina amuuza kuti alipire yekha lipoti la dokotala, koma sizipitirira £50.

Za malipiro a kuntchito, masabata 28 oyamba sabweza kalikonse. Amayamba kuwerenga pa sabata ya 29, ngati munthu akulepherabe kugwira ntchito, ndipo amalipira pa mlingo wa boma wa odwala, osati salale yake yonse.

China mumufunse mwakachetechete, osati pa gulu pano. Kodi iye sanayambe ndiye kuponya chibakera kapena kutukwana? Amawerenga lipoti la apolisi, akaona kuti anaiputa yekha ndewuyo amadula ndalama kapena kukana. Chimodzimodzi ngati ali ndi mlandu wakale umene sunafufutike. Anene zoona zokhazokha pa fomupo.

Yankho limachedwa, chaka chimatha, nthawi zina kupitirira, ndiye musayambe kukongola poyembekezera ndalamazi. Kalata ikabwera ali ndi masiku 56 oti avomere kapena apemphe kuti aunikenso, ndipo akakanidwanso ali ndi masiku 90 okachita apilo ku tribunal, bwalo lapadera lomva madandaulo otere. Akasamuka nyumba awadziwitse, makalata amasochera masiku n'kutha. Mumuuze anditumizire tsiku lenileni lomwe anamenyedwa ndi nambala ya kupolisi ija, Loweruka tidzadzaze limodzi pa foni.