Ma honi anayi pa amplifaya imodzi amafuna transifoma

Achimwene, mwati mwamangirira ma honi (zimkuzamawu zapanja) anayi pa mzikiti wanu ku Namwera, amplifaya ikutentha ngati mbaula ndipo mawu akuzima azana isanathe. Ine ndinenepo za kutenthako.

Amene akuti gulani amplifaya yaikulu akungofuna kukutayitsani ndalama. Vuto lili pa kalumikizidwe. Ngati honi iliyonse ndi ya 8 ohms (muyeso wa mmene imatchingira magetsi; ma ohms akachepa, amplifaya imalemedwa), mukazilumikiza zinayi, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, zimatsika kufika pa 2 ohms, pomwe amplifaya zambiri zimalekezera pa 4. Ndiye ikusenza katundu woposa msinkhu wake.

Ine zinandionekera pa tchalitchi chathu kuno ku boma, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Amplifaya inatulutsa utsi ulaliki uli mkati, ndipo kukonzetsa kunadya pafupifupi K80,000 ya chopereka cha anthu. Mpaka lero zimandiwawa.

Yang'anani kumbuyo kwa amplifaya yanuyo. Ngati pali polumikizira polembedwa 100V ndi COM, mwapulumuka: ma honi muwalumikize pamenepo. Honi iliyonse ikhale ndi transifoma yake. Honi zina za makampani a Ahuja ndi TOA zimabwera nayo mkati, ine ndimakagula ku Limbe. Transifomayo imakweza ma ohms amene amplifaya ikukumana nawo: waya akazunguliridwa kakhumi kuposa wa mbali inayo, ma ohms amachuluka ka 100. Mukasankha polembedwa 10W (ma watts 10) pa transifomayo, honiyo imakhala ngati ya 1,000 ohms, zinayi pamodzi 250. Mukatero ma ohms muwaiwale, muzingophatikiza ma watts. Pa amplifaya ya 120W musapitirire 100W, isiyireni popumira. Ngakhale waya atakhala wautali mpaka pansonga ya mzikiti, mawu safooka kwenikweni.

Koma chonde, honi ya 8 ohms yopanda transifoma musaiike pa 100V, koyilo ipsa nthawi yomweyo. Musazulenso transifoma ya magetsi a 230V mu wailesi yakale ayi, ija inapangidwira 50Hz, mawu amatuluka ngati munthu akuyankhulira m'chidebe. Mukayeza honi ndi mita n'kupeza 6 m'malo mwa 8, musabweze, ndi mmene zimakhalira.

Polumikizira ponse kulungani ndi tepi bwinobwino mvula isanayambe. Kwanu kumtundako chinyezi sichichedwa kudyetsa mawaya dzimbiri.