Funsani Tikuyankheni: Kodi kamera yanga ingandipezere bwana wondiitana ku UK?

FUNSO: Akulu, ine ndimajambula mavidiyo kuno ku Blantyre, maukwati, zinkhoswe, nyimbo za makwaya, nthawi zina mabungwe amanditenga kukajambula kumidzi. Kuedita ndimapanga ndekha pa Premiere Pro ndipo ndili ndi dipuloma ya utolankhani. Ndakhala ndikutumiza ma CV ku makampani a mafilimu ku UK koma zii, amene ayankha amangoti sapanga sponsor. Pano pali munthu pa WhatsApp akuti atha kundipezera CoS bola ndilipire kaye, ndalama zake zoti mpaka ndigulitse kamera ndi laputopu. Ndipange bwanji? — Wojambula, Ndirande

YANKHO: Achimwene, kamerayo musagulitse, ndiyambe ndi pamenepo chifukwa ndi pomwe mtima wanga wathamangira. CoS, kapena kuti Certificate of Sponsorship, si pepala loti munthu angakugulitseni. Ndi nambala imene kampani yokhala ndi chilolezo cha Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka ku UK, imakupatsani ikatha kukulembani ntchito yeniyeni, ndipo kuyambira pa 31 December 2024 lamulo limaletsa bwana kukulipiritsani ndalama ya CoS ya viza ya ntchito yotchedwa Skilled Worker, amayenera kulipira yekha. Ndiye wina akati lipirani kaye musanachite olo intavyu, ameneyo ndi dobadoba basi, ndipo ngakhale nambalayo itakhala yeniyeni, mukafika n'kupeza kuti ntchito kulibe, kampaniyo akailanda chilolezo viza yanu amaidula, mumangotsala ndi masiku osaposa 60 oti mupeze bwana wina kapena mubwerere.

Tsopano za zii zomwe mukukumana nazozo. Si kuti ntchito yanu ndi yoipa ayi, vuto ndi khomo lomwe mukugogoda. Mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV ku UK amayendera maganyu, wojambula, wa ma light, wa sound, ambiri ndi anthu odziimira paokha amene amaitanidwa kwa milungu ingapo filimu ikatha aliyense kwawo, ndipo nthawi zambiri kampani imatsegulidwa chifukwa cha filimu imodzi yokhayo kenako n'kutseka. Kampani yotere ingakuitanireni bwanji pa viza imene imafuna ntchito yokhazikika ndi malipiro a pachaka? Komanso ali ndi anthu mbwee pafupi oti akawaimbira lero mawa ali pa set. Inu kuti mubwere bwana ayenera kukhala ndi chilolezo, alipire CoS, alipirenso Immigration Skills Charge imene kwa makampani aakulu imaposa mapaundi 1,000 pa chaka chilichonse. Munthu amachita zonsezi pokhapokha akaona kuti chimene muli nacho sachipeza msanga kwawoko.

Ndipo malamulo akhwima kwambiri posachedwapa. Mu April 2024 malipiro ochepetsetsa a Skilled Worker anakwera kuchoka pa mapaundi 26,200 kufika pa 38,700 pachaka, pa 22 July 2025 anakweranso kufika 41,700, ndipo tsiku lomwelo anati ntchito zizikhala za mulingo wa digiri. Ntchito zanu zili m'makodi awiri, 3416 ya ma producer ndi ma director, ndi 3417 ya ojambula ndi oyendetsa zipangizo za kanema. Ya 3417 inapulumukira pa mndandanda wongoyembekezera wotchedwa Temporary Shortage List, koma olowera pamenepo saloledwa kutenga mkazi ndi ana, ndiye ngati muli pabanja kambiranani ndi alamu musanayambe n'komwe. Amene sanakwane zaka 26 amawachepetsera malipiro ofunikawo.

Nanga mugogode kuti? Pitani pa GOV.UK mufufuze Register of licensed sponsors, ndi mndandanda waulere wa makampani onse ololedwa kuitana anthu akunja, mumachita kuutsitsa n'kutsegula ngati Excel. Kampani iliyonse musanaitumizire CV yang'anani kaye ngati ilipo pamenepo komanso ngati ili ndi Skilled Worker kapena Creative Worker, ikakhala kuti palibe musataye bandulo yanu. Ndipo musamangoyang'ana amene ali ndi dzina la filimu. Anthu amene amalemba wa vidiyo ntchito yokhazikika ndi mayunivesite, mabungwe aakulu othandiza anthu, makampani otsatsa malonda, matimu a mpira, nyumba zoulutsira mawu, komanso makampani omalizitsa filimu ngati Framestore ndi DNEG ku London amene amagwira za VFX, zithunzi zowonjezera mufilimu pakompyuta. Kwa ine mabungwewo ndi amene ali pafupi nanu kwambiri, mwagwirapo kale nawo ntchito kumidzi, mumadziwa kupempha chilolezo kwa amfumu, kufunsa mayi wodwala mafunso mosamuchotsera ulemu, kujambula kopanda magetsi tsiku lonse, zimenezi mnyamata wongotuluka kumene kusukulu ya filimu ku Manchester alibe.

Koma kunena zoona showreel, kavidiyo koonetsa luso lanu, ikakhala ya maukwati sikufikitsani. Sindikunyoza ukwati, ndi umene ukukudyetsani ndipo umaphunzitsa kuchangamuka chifukwa mphete savalanso kachiwiri. Kungoti bwana wa kunja akufuna kuona mphindi imodzi kapena ziwiri za ntchito imene ikufanana ndi yomwe iye amapanga. Sankhani chinthu chimodzi muchidziwe mpaka pansi, kaya kukonza mitundu pa DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere, kaya motion graphics pa After Effects, kaya Avid Media Composer imene ma TV ambiri a kumeneko amaeditira. Munthu wongoti ndimapanga zonse ndi wovuta kumulembera CoS chifukwa ntchitoyo iyenera kulowa mu kodi imodzi yodziwika.

Pali viza inanso, ya Creative Worker, imeneyi ndi ya ntchito yakanthawi, mpaka miyezi 12, ndipo itha kufika 24 ngati bwana ndi yemweyo. Imafunanso sponsor ndipo sikufikitsani pokhazikika m'dzikomo, koma ndi imene imagwirizana ndi m'mene mafilimu amayendera. Nthawi zambiri imabwera chifukwa chodziwana, mwachitsanzo gulu la ku UK labwera kudzajambula ku Liwonde kapena ku Mulanje, mwagwira nalo bwino, ndiye likukufunani kuti mukamalize nalo ntchitoyo. N'chifukwa chake magulu obwerawa musamawaone ngati ganyu ya sabata imodzi chabe, pemphani dzina lanu lilembedwe kumapeto kwa filimu ndipo sungani ma email awo. Ya Global Talent siifuna bwana, koma mbali ya filimu ndi TV amaunika ndi a Pact, bungwe la makampani opanga mafilimu ndi TV ku UK, ndipo amayang'ana mphoto zikuluzikulu ngati BAFTA ndi Emmy, imeneyo ndi ya mtsogolo.

Pa viza ya Skilled Worker, ndalama zomwe muyenera kusunga ndi za inu nokha izi: mayeso a Chingerezi ovomerezeka monga IELTS for UKVI, ndipo kuyambira January 2026 akufuna mulingo wa B2, kuyezetsa TB kuchipatala chimene iwo anavomereza, ndalama ya viza, ya zaumoyo imene ndi mapaundi 1,035 pachaka, ndi mapaundi 1,270 okhala mu akaunti masiku 28 ngati bwana sanalembe kuti akusamalirani mwezi woyamba. Ndi m'mene forex ikuvutira kuno yambani msanga kufunsa kubanki kwanu.

FUNSO: Ine ndili ku Joni, ndinalowa ngati mlendo ndipo ndikuthandiza anyamata ena kujambula ma music video. Kampani ina yati ingandilembe nditakhala ndi mapepala. Ndiyambire pati? — Mlongo wanu, Cape Town

YANKHO: Achemwali, masiku omwe amakudindirani pa boda ndi ochezera, si ogwirira ntchito, ndipo mukapitirira amakuletsani kulowanso m'dzikomo mpaka zaka zisanu ngati mwadutsitsa ndi masiku oposa 30. Komanso viza ya mlendo simungaisinthe kukhala ya ntchito muli konko, muyenera kubwerera kuno n'kukapempha kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Pa ntchito yokhazikika ndi General Work Visa, mufunika kontrakiti yosainidwa, ma satifiketi anu awunikidwe ndi SAQA, bungwe lowunika maphunziro ku South Africa, kalata ya ku polisi ndi ya kuchipatala, ndipo kuyambira October 2024 amawerenga mapointi potengera maphunziro, malipiro ndi zaka zomwe mwagwira ntchito. Ngati ndi ntchito ya filimu imodzi, pali chilolezo cha Section 11(2) cha miyezi itatu chimene magulu akunja ojambula ku Cape Town amagwiritsa ntchito. Afunseni a kampaniyo kuti akufuna kukulembani pa njira iti mwa ziwirizi, ndipo akupatseni kalata yolembedwa musanakwere basi yobwerera.