Kusoketsa zanuzanu kapena kupikula zosokedwa kale?

Achemwali, mwafunsa ngati poyambitsa zovala za dzina lanu muyenera kusoketsa sitayilo yanuyanu ku fakitale ya kunja, kapena kupikula zosokedwa kale n'kuikapo lebulo yanu. Ngati mpamba ndi wongoyambira, ine ndikuti yambani ndi zosokedwa kale.

Ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ngakhalenso m'maholoselo a ku Johannesburg, ma T-shirt osalembedwa kanthu amagulitsa pa dazeni. Ubwino wake mumawagwira nokha. Kokani msoko wa m'khwapa muone ngati ulusi ukulekana, mutambasule nsaluyo padzuwa. Zala zikamaonekera, isiyeni, ikangochapidwa kawiri idzasanduka sanza. Mukafika nawo ku Limbe mumakadinditsa chizindikiro chanu, telala n'kusokerera lebulo pakhosi, ndalama n'kuyamba kubwerera. Kuipa kwake n'kwakuti mnzanu wa benchi loyandikana nanu akhoza kukhala ndi T-shirt yomweyo.

Za ku fakitale, monga ku Guangzhou ku China, n'zina. Mumatumiza chojambula cha chovalacho, miyezo ya saizi iliyonse ndi kulemera kwa nsalu komwe amati GSM. Iwo amasoka sampulo, ndipo imeneyonso mumalipira. Musavomere sampulo pongoona chithunzi pa WhatsApp, ibwere muiveke munthu, chifukwa XL ya kumeneko pa thupi la mayi wa kuno imathina. Kenako pali chomwe amati MOQ, kutanthauza kuti pali nambala imene sangasoke zochepera apo, ndipo kawirikawiri amafuna mazanamazana pa sitayilo imodzi. Mumapereka dipoziti, yotsala n'kumaliza katundu asanakwere sitima yodzera ku Beira kapena ku Dar.

Pondipweteka mtima ndi apa. Miyezi yonse imene mukudikira katunduyo ndalama yanu yagona, ngongole ili m'madola, inu mukugulitsa m'makwacha. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atapereka dipoziti anadzuka yotsala ija itakwera, ku banki madola osapezeka. Oda ikagweranso nthawi ya chaka chatsopano cha ku China, mu January kapena February, mafakitale amatseka, inu kumangodikira.

Pa chipata cha Mwanza kapena Songwe, a MRA amayang'ana kumene chovala chinasokedwa, osati kumene mwachigula. Cha ku China chogulidwa ku Johannesburg sichilandira kuchotseredwa msonkho kumene amapatsa katundu wopangidwa m'mayiko a SADC. Sungani ma invoice enieni, ndipo msonkho ndi thiransipoti muziwerengeretu pa mtengo wa chovala chilichonse musananyamuke kuno.

Ngati mtima uli pa sitayilo yanuyanu, ndipo ndikudziwa kuti ndiye chimene chakukokerani ku geniyi, ithekera konkuno. Gulani zitenje za ku Mapeto David Whitehead kapena za ku Kariakoo, mupeze telala wodalirika ku Ndirande kapena mumsika wa Limbe, asoke madiresi khumi kapena makumi awiri. Mumudulitse patani pa katoni, saizi iliyonse yakeyake, ndipo katoniyo muzisunga inuyo kuti oda yachiwiri idzafanane ndi yoyamba. Diresi limene anthu azilifunsa mobwerezabwereza ndi lomwe mudzapite nalo ku fakitale. Kungoti musamupatse telala ntchito sukulu zikamatsegulira mu September kapena pofika Khirisimasi, amakhala atadzaza mayunifolomu ndi zovala za zikwati, zanu adzaziika pansi pa mulu.