Mita siiba, imangoulula

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Akuti mayunitsi a magetsi akuwathera mwezi usanafike pakati, ndiye akufunsa ngati mita yawo ikuwabera, komanso ngati simati mita imene akumva ingawapulumutse. Mayi, mwandikhudza pachilonda.

Ndinakhalapo pa lendi ku Area 25, nyumba zitatu mita imodzi. Kabokosi kolowetsera manambala 20 aja kanali pabalaza pa alandilodi, ife alendi tinkangosonkha ndalama osaona chilichonse. Mayunitsi akatha, aliyense ankaloza mnzake chala. Ine ndinkakayikira mnyamata wa nyumba yakumbuyo amene ankaphika nyemba pa hotipuleti, ndipo nyemba mukuzidziwa, sizimva changu. Tinatha miyezi iwiri osapatsana moni. Mpaka lero ndikakumbuka ndimachita manyazi.

Tsiku lina madzulo alandilodi anatopa ndi phokoso lathu, anatiitana tonse. Pa mita pali kanyale kofiira kamene kamaphethira, pambali pake palembedwa imp/kWh. Yathu inali 1000, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1000, yuniti imodzi yapita. Tinazimitsa zonse, kanyale kanangoti zii. Kenako tinayamba kuyatsa chimodzichimodzi. Mababu, kankaphethira mwaulesi. Hotipuleti ija, kanafulumira ndithu, koma mnyamatayo ankaiyatsa kawiri pa sabata basi. Titayatsa giza wa alandilodi, kanyale kanachita ngati kapenga. Giza wa mawati 3000 amadya mayunitsi atatu pa ola akamatenthetsa madzi, ndipo uyu sankazimitsidwa usana ndi usiku. Wakuba wachiwiri anali firiji yanga yomwe, imene mphira wa pachitseko unatha kalekale ndipo ndinkaimanga ndi legeni. Injini yake sinkapuma. Alandilodi anangotsokomola, ine ndinayang'ana pansi.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu akukamba za simati mita ngati mankhwala ochiza zonse. Mita yolipiriratu si simati mita ayi. Simati mita imatumiza yokha kukampani kuchuluka kwa magetsi amene mwagwiritsa ntchito, ku Britain mpaka theka la ola lililonse, ndipo kumeneko amakupatsani kachipangizo koika patebulo koonetsa ndalama zikupita pamene ketulo ikuwira. Ubwino wake wagona pa kuonako. Mita payokha sipulumutsa yuniti ngakhale imodzi. Mukaikhoma m'nyumba ya alandilodi, kaya ndi yamakono chotani, alendi adzakanganabe. Ine ndimati nyumba iliyonse yochititsa lendi ikhale ndi mita yakeyake, ndipo landilodi wokana zimenezi pali chimene akubisa.

Komanso tisamaiwale kumene magetsiwa amachokera. Ambiri amapangidwa pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, tonse tinabwerera ku mbaula. Ndiye kumatenthetsa madzi usiku wonse pamene palibe wosamba, dziko lake lino? Za mtengo wa thumba la makala nthawi imeneyo ndisayambe n'komwe, tingagone pano.

Tsono muchite chiyani?

Yuniti imodzi ndi mawati 1000 kwa ola limodzi. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola asanu tsiku lililonse limadya mayunitsi 9 pamwezi, pamene la LED la mawati 9 silifika ngakhale awiri. Sinthani mababu, giza muziyatsa ola limodzi musanasambe, zovala muzisita zonse pakamodzi, ndipo muone mphira wa firiji. Kwa sabata imodzi lembani m'kope mayunitsi otsala m'mawa ndi madzulo. Mukazimitsa zonse, n'kuzula mapulagi, koma kanyale kakuphethirabe, itanani wodziwa zamagetsi aone mawaya, mwina pali wina walumikiza mobisa. Akapanda kupeza vuto m'nyumba, pamenepo ndiye mupite ku ESCOM, kope lija lili m'manja.