Soketi ikafa, samalani ndi amene akudzipereka kudzaidzutsa

Mayi wina wa ku Mchini, komboni ya mu Chipata, anandilembera imelo sabata yatha kufunsa chifukwa chake soketi ya pabalaza yasiya kugwira ntchito pamene mababu akuyaka ndipo masoketi ena ali bwinobwino. Anawonjezera kuti mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo wadzipereka kudzaikonza Loweruka. Amayi, mawu omalizawo ndi amene andichititsa kukuyankhani poyera pano, chifukwa inenso ndinakhulupirirapo mnyamata wotere, ndipo khoma la m'khitchini mwathu likadali ndi chipsera mpaka lero.

Munali mu 2024, chaka cha chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika kwambiri moti magetsi ankabwera maola ochepa pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku. Kwathu ku Kapata tinkagona titasiya switchi ya babu la kuchipinda ili yoyatsa kuti malaiti akabwera atidzutse. Babu likangoti ng'ani, nyumba yonse inkadzambatuka. Mayi a ana ankatereka nyemba pa hotipuleti, mwana wathu wamkulu ankasita mayunifomu a sabata yonse, ine ndinkawiritsa madzi mu ketulo kuti tithire m'mafulasiki, ndipo zonsezi zinkadya pa adaputala imodzi yoyera imene ndinagula pamsika, yolowetsedwa m'soketi imodzi ya m'khitchini.

Masamu ake ndinawadziwa mochedwa. Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Zambia ndi a mavoti 230, ndipo soketi wamba ya mabowo atatu inapangidwa kuti inyamule maampu 13, kutanthauza mawati pafupifupi 3,000. Ketulo yokha imatha kudya mawati 2,000, hotipuleti ya mbale ziwiri chimodzimodzi, nsimbi nayo imaposa 1,000. Tinkasenzetsa soketi ija katundu wa masoketi awiri usiku uliwonse umene magetsi abwera.

Choyamba kufa inali fyuzi ya m'pulagi ya adaputala. Mnyamata wa pafupi, amene ankadziwika m'komboni monse kuti ndi "wamalaiti", anatsegula pulagi, anataya kafyuzi kaja, n'kukulunga waya wa kopa pamalo pake. Sanathe ndi mphindi zisanu zomwe, ndipo ine ndinamuyamika, ndinamupatsanso ya sopo. Patapita masabata angapo m'khitchini munayamba fungo ngati la nsomba yoola. Mayi a ana anatulutsa chitini cha kapenta, anakolopa kuseri kwa kabati, anakalipira ana, koma fungo silinachoke. Sitinkadziwa kuti pulasitiki ya soketi ikamapsa pang'onopang'ono imanunkha motero. Kenaka usiku wina soketi inangoti zii, ndipo chodabwitsa n'chakuti soketi ya kuchipinda cha ana, kuseri kwa khoma lomwelo, inafera limodzi nayo ngakhale kuti sinkanyamula kanthu koposa chaja ya foni.

Ulendo uno ndinaitana mkulu wina amene anaphunzira zamagetsi kusukulu ya zaumisiri ya Chipata Trades. Anayamba wagwetsa breaker yaikulu, switchi yodula magetsi, pa DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba, anayeza ndi mita yake, kenaka anamasula soketi pakhoma. Kumbuyo kwake kunali bii ngati khala, ndipo atakukhudza ndi sikuludiraiva kunayoyoka. Waya wofiira, umene m'nyumba zatsopano umakhala wa bulawuni, unali utapsa chikopa chake kutalika ngati chala, ndipo kasikulu kougwira kanali katamasuka. Anandifotokozera kuti waya ukamatentha ndi kuzizira usiku ndi usiku, sikulu imakhwefuka, pokhwefukapo pamayamba kuthetheka, kuthethekako kumawonjezera kutentha, mpaka waya umaduka kapena nyumba imayaka. Soketi ya ana inali yabwinobwino. Inkangolandira magetsi kuchokera ku ya m'khitchini ija, choncho njira itaduka nayonso inakhala ndi njala.

Kuchokera tsiku limenelo ndilibe chifundo ndi munthu wokulunga waya pa fyuzi. Fyuzi inapangidwa kuti izifa m'malo mwa nyumba, ndipo ikafa imakhala yagwira ntchito yake. Woichotsa n'kuikapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ali ngati munthu wothamangitsa galu chifukwa chouwa usiku pamene mbala ili pakhola. Anthu amati amisiri a mapepala ndi odula, koma fyuzi ya maampu 13 imapezeka m'mashopu a hadiweya ku Down Shops pa mtengo wochepa, ndipo palibe umphawi umene ungalungamitse waya wa kopa uja. Chimodzimodzinso chizolowezi chathu chobaya mawaya opanda pulagi m'soketi n'kutsinira ndi timitengo ta machesi, kapena chotsegula bowo lapamwamba ndi bolopeni kuti pulagi ya mano awiri ilowe. Zimenezi zimatanula tizitsulo ta m'kati, ndipo tizitsulo totanuka sitigwiranso pulagi mothina, kuthetheka kuja n'kuyambira pomwepo. Ndaona zimenezi ngakhale m'maholo a misonkhano, ana akuonerera ndi kuphunzira.

Zimene mungayese nokha

Amayi, lowetsani m'soketi yanuyo chinthu china chimene mukudziwa kuti chikugwira ntchito, popanda adaputala, chifukwa nthawi zambiri chakufa chimakhala fyuzi ya m'pulagi kapena adaputala yeniyeniyo. Mukapeza kuti ndi fyuzi, ikani ina ya nambala yofanana nayo. Ngati soketi ikadali zii, pitani pa DB mukaone ngati pali breaker imene yagwa, popeza m'nyumba zowonjezera zipinda soketi imodzi imatha kukhala ndi yakeyake. Zulani mapulagi onse, mutsitse breaker ija mpaka pansi, muikweze kamodzi. Ikagwanso musalimbane nayo. Kenaka nunkhizani soketiyo ndi zinzake zoyandikana nayo, makamaka ya kuseri kwa khoma, ndipo muone ngati pali pamene pachita chikasu, pada kapena pakutentha. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi, gwetsani breaker ya masoketi ndipo isakwezedwenso mpaka mmisiri atabwera.

Apa ndi pamene ntchito yanu yathera. Musamasule soketi pakhoma, ndipo musakhulupirire katesita, kasikuludiraiva koyaka kakakhudza magetsi kaja, chifukwa kamatha kusaonetsa kuwala padzuwa pamene waya uli ndi moto. Musanamizidwenso ndi kuzima kwa magetsi, pakuti amabwera osagogoda munthu ali ndi waya m'manja. Vuto la m'kati mwa nyumba, kupitirira mita ya magetsi, si la kampani ya ZESCO koma la mwini nyumba, choncho ngati muli pa lendi auzeni alandilodi kudzera mu meseji kuti mukhale ndi umboni. Mnyamata wa Loweruka uja mumufunse setifiketi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a zaumisiri, kapena pepala losonyeza kuti analembetsa ku bungwe la mainjiniya la Engineering Institution of Zambia, ndipo mumufunsenso ngati ali ndi mita yoyezera. Akakuonetsani pulayala ndi tepi yakuda zokha, mupatseni tiyi abwerere.