Chithupsa cha kumapeto kwa msana chimene chimangobwerera

Mwandilembera pa imelo, achimwene a ku Tsangano, kuti mumayendetsa lole ya kachewere, ndipo chithupsa cha pamwamba pa mpata wa matako, chimene anachitumbula kawiri kuchipatala, chikutulukabe mafinya. Dokotala wakuuzani za opaleshoni ya flap, yochotsa mnofu wodwala n'kuphimba chilondacho ndi khungu la pafupi, ndipo mukufunsa ngati kucheka malo aakulu chotero n'koyenera pa kabowo kochepa ngati diso la singano.

Kabowoko ndi khomo chabe. Matendawa, amene madokotala amawatcha pilonidal sinus, amayamba pamene cheya chothothoka chasonkhana mumpatamo n'kubaya khungu, ndipo kukhala nthawi yaitali pampando wogwedezeka kumachikankhira mkati mpaka chitapanga una. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse anavuta kwambiri asilikali oyenda pa jipi, choncho msewu wa mabampu umene mumadutsa tsiku ndi tsiku suli kutali ndi nkhaniyi. Kutumbula kumachotsa mafinya okha, koma una ndi mpata wakuyawo zimatsala.

Dokotala wa ku Greece, George Karydakis, anaonetsa mu 1973 kuti chilonda chosokedwa pakati penipeni pa mpata, pamene pamakhala thukuta ndi kukhulana, ndicho chimakonda kumasuka. Iye ankachotsa mnofu wodwalawo molowera mbali imodzi, n'kukoka khungu la mbali inayo, lidakali lolumikizika ndi mitsempha yake ya magazi, kuti msoko ugwere pambali ndipo mpata usalale. Njira ya John Bascom wa ku America imatsata nzeru yomweyo koma imachotsa mnofu wochepa, pamene ya dokotala wina, Limberg, imadula chigamba cha ngodya zinayi patako n'kuchitembenuzira pachilonda. Chipsera cha njira ya Limberg ndi chachikulu, ndipo ena chimawadetsa nkhawa.

Ine ndikuona kuti kwa munthu ngati inu, amene matenda abwerera kale kawiri, opaleshoniyi ndi yoyenera, chifukwa chilonda chosiyidwa chotsegula chimatha miyezi chikutsukidwa, banja likudikira ndalama za ulendo. Mufunseni dokotalayo kuti msoko udzagwera pati, ndiponso kuti opaleshoni yotere amaichita kawirikawiri kapena akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati pakali pano patupa ndipo pakutentha, ayamba atumbula kaye. Mukadzachitidwa, mungatuluke ndi kapaipi kotulutsa madzi kwa masiku ochepa, ulusi amachotsa pakatha pafupifupi milungu iwiri, ndipo chiwongolero mumusiyire mnzanu kufikira dokotala ataona kuti msoko wagwira.