Si kusowa feteleza kumeneko, ndi chiwawu

Amayi amene mwaika chithunzi cha soya wanu n'kufunsa chomwe chamuvuta, soya wanuyo wachita chikasu osati chifukwa cha feteleza ayi, musataye ndalama pa urea monga akukuuzani ena pamwambapa. Pitani mukatembenuze tsamba la m'munsi. Mukaona timadontho tofiirira totukuka ngati nsungu, mukakhudza chala n'kuda ndi fumbi ngati la njerwa, chimenecho ndi chiwawu. Ine chinandiliza mu 2023, mpaka pano ndikakumbukira mtima umawawa.

Ndinalima maekala awiri kwathu ku Namwera, ndalama yake yokongola ku banki mkhonde. Soya anakula mochititsa kaso, odutsa ankachita kuima. Mu February mvula daily, mame osauma mpaka 10 koloko. Masamba a m'munsi atayamba kufiira ndinathothola angapo, kuika m'jumbo, ulendo wa pa boma ku shopu ina ya mankhwala. Mnyamata wa pamenepo jumboyo sanaitsegule n'komwe, maso ali pa foni. Akuti "ndi tizilombo timeneto madala," n'kundipatsa mankhwala a mbozi. A mbozi! Ndinapopera kawiri, sipuleya yobwereka, madzi kukatunga kudambo, msana kuchita kuphwanyika. Kenako namondwe Freddy uja anabwera mu March.

Mvula itakata ndinapita kumunda ndi mayi a kunyumba. Abale anga, masamba onse ali pansi, mitengo ya soya yangoti njo ngati wina wadutsapo ndi moto. Ndikaswa khoko, m'kati timbewu tokwinyika tochepa kuposa mphodza, makoko ena mulibiretu kanthu. Mayi anangokhala pamzere, osalira, osayankhula, akungowerenga ngongole ndi zala. Tinapeza matumba atatu, venda n'kunyozanso kuti ndi mphwepwa. Mbuzi ziwiri zinapita ku ngongole. Nditabwerera ku shopu kuja mnyamata uja akuti sakundikumbuka. Anthu amenewa amangofuna botolo lichoke pa shelefu basi.

Mlangizi ndi amene anadzandiuza mochedwa kuti chiwawu ndi matenda a fangasi, fumbi lija ndiye mbewu yake, imauluka ndi mphepo. Ine ndinkatukwana mbewu yomwe ndinagula, ayi ndithu sichiyenda m'mbewu. Chinaoneka koyamba ku Japan mu 1902, ku Uganda mu 1996, Zimbabwe 1998, South Africa ndi Paraguay 2001, n'kufalikira ku Brazil. Ku America chinapezeka mu 2004 ku Louisiana, akatswiri amati chinakwera namondwe Ivan. Ndiye chinthu chowoloka nyanja zamchere chingalephere kudumpha phiri la Namwera? Ku Brazil mpaka pali lamulo loti miyezi ina pachaka m'munda musapezeke soya wamoyo ngakhale womera yekha, kuti chisowe pogona. Ife kuno wina ali ndi soya kudimba, wina wadzala mu January, chimangosamuka munda ndi munda.

Za ma shopu musazikhulupirire, komabe thamangani konko lero lomwe, palibenso kwina. Werengani botolo nokha, palembedwe fungicide (mankhwala opha fangasi), muone tebuconazole kapena azoxystrobin. Poperani kunsi kwa masamba, kukamauma mame, mudzabwereze pakatha masabata awiri kapena atatu monga lalembera botolo. Zoona zake mankhwalawa amagwira bwino mukapopera maluwa akungoyamba, chisanaoneke. Ngati masamba ayamba kale kuyoyoka ndiye musavutike, ndalamayo gulirani ana chimanga. Koma inu mwati ali pa maluwa, yesani.

Ine ndinalumbira pamaso pa mayi kuti soya ndasiya, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti alime mtedza. Chaka chino ndadzalanso ekala imodzi ndi mvula yoyamba, botolo lili kale pansi pa bedi. Tumizani chithunzi cha kunsi kwa tsamba, chomwe mwaikachi mwajambula pamwamba.